Apongozi Awiri pa Kompyuta Imodzi

Apongozi anabwera mvula isanayambe, akuti adzangokhala masiku ochepa kuti amalize kulemba buku la moyo wawo pa kompyuta ya mkamwini, popeza yawo inali itapsa. Mvula inagwa mpaka inasiya, udzu unauma, koma iwo anali adakali m'chipinda chogona cha eni nyumba, mwana wawo wamkazi akugona pasofa, mkamwini pa mipando iwiri yolumikiza imene inkapatukana pakati pa tulo.

Apongoziwa anali woimbira mpira wopuma pantchito, ndipo pa zaka zawo zonse za wezulo sanabwezepo chigamulo, ngakhale tsiku lija anapereka penate mpira uli m'manja mwa mayi wogulitsa malalanje kunja kwa bwalo. Mkamwini ankagwira ntchito yowerenga mamita a madzi, ndipo ntchitoyo inamulowa m'magazi. Ankanena chimene chalembedwa, osawonjezera, osachotsera. Mkazi wake atamufunsa tsiku lina ngati diresi latsopano likumukhala, iye anayankha kuti likumukhala kumtunda kokha, ndipo mpaka lero samvetsa chimene analakwa.

M'kompyutamo munali pulogalamu yolembera yatsopano. Apongozi anaiyesa tsiku loyamba, anapeza kuti mabatani onse anasamuka malo, ndipo anaikaniratu. Anatulutsa kachimbale kamene anakakulunga m'mpango, n'kulamula kuti muikidwe pulogalamu yakale imene ankaidziwa. Mkamwini anaiika, analembamo dzina lawo lonse monga anamuuzira, koma yatsopanoyo sanaichotse chifukwa palibe anamuuza kuti aichotse. Ziwirizo zinakhala m'kompyuta imodzi ngati maneba osapatsana moni. Ukatsegula ina pambuyo pa inzake, inkayamba yalemba kuti udikire ikudzikonza, ngati kuti inzakeyo yaidetsera pakhomo.

Loweruka lina m'mawa, mkazi wa mkamwini akunyamuka kupita ku saluni kwake, anamukokera kukhitchini n'kumunong'oneza kuti bambo anena kuti buku litha lero, ndipo likasindikizidwa akwera basi mawa. Anamuchonderera kuti asawatsutse, angoyankha zimene afunsa ndi kuchita zimene anena. Amenewo anali malangizo oopsa kuwapereka kwa munthu ngati uyu, koma mkazi wakeyo anali wochedwa.

Chakumasana apongozi, amene ankalemba ndi zala ziwiri, anadina kadontho komaliza, anaimirira, anakoka wezulo m'khosi n'kuliza katatu, komaliza motalika.

“Mpira watha, akamwini.”

Mkamwini anamva msana wake ukusangalala paokha. Anali atabwereka kale pirinta kwa neba, koma pirintayo inkamvera pulogalamu yatsopano yokha. Choncho anatseka yakale, anatsegula bukulo mu yatsopano, n'kuyamba kuwongola mapepala.

“Imani kaye,” anatero apongozi, akuloza m'munsi mwa sikirini ndi wezulo. “Nambala iyi yasintha.”

“Yasintha, bambo.”

“Buku langa silithera apa. Lapitirira ndi masamba awiri. Wawonjezera nthawi ndani?”

“Palibe, bambo.”

“Pabwalo wowonjezera nthawi amakhala mmodzi, ndipo ndi ine.”

Mkamwini anafotokoza mofatsa kuti mawu onse ndi omwewo, kungoti yatsopano imasiya mpata waukulu pakati pa mizere, monga anthu omwewo akakhala motalikirana pa benchi. Apongozi anamvetsera mpaka kumapeto, manja ali kumbuyo, monga ankamvetserera wosewera amene amupatsa kale khadi mumtima.

“Mawu ndi omwewo?”

“Omwewo.”

“Masamba ndi omwewo?”

“Ayi.”

“Buku limapangidwa ndi chiyani?”

“Masamba, bambo.”

“Ndiye tili ndi mabuku angati?”

Munthu wodziwa za m'banja akanati limodzi, n'kudina batani losindikiza, nkhani ikanathera pomwepo. Mkamwini anaona kumene funsolo likulowera, koma funso linali litafunsidwa.

“Mukafunsa choncho, awiri.”

“Ndafunsa choncho.” Apongozi anakhalanso pampando. “Sindingakwere basi ndikusiya mabuku awiri akukangana m'nyumba ya mwana wanga. Zonse ziwiri zilowe m'bwalo, ndizione ndi maso angawa. N'zotheka?”

“N'zotheka,” anayankha mkamwini, mtima ukumuuza kuti akanati n'zosatheka.

Apongozi anafuna kuti zinthu ziyende mwadongosolo. Anatola kachitsekero ka botolo patebulo, anakaponya m'mwamba, anakawakha, n'kulengeza kuti yakale yapambana ndipo isankhe mbali.

“Siyankhula, bambo.”

“Ndiye ndiisankhira. Kumanzere, dzuwa likhale kumbuyo kwake.”

Mkamwini anayang'ana zenera, anaona kuti dzuwa linalidi kumanzere, ndipo sanapeze chotsutsa. Anatsegula bukulo mu yakale n'kulikankhira theka la kumanzere la sikirini. Pulogalamuyo inalemba kuti adikire ikudzikonza, ndipo apongozi anati aisiye, ikumanga nsapato. Kenako anatsegula yatsopano kumanja. Nayonso inamanga nsapato zake. Koma mmalo moonetsa buku, inatulutsa kabokosi kokhala ndi mawu.

“Yati chiyani?”

“Yati simungalembe m'bukuli, chifukwa pali munthu wina amene akuligwiritsa ntchito.”

Apongozi anacheuka, anayang'ana kuseri kwa chitseko, anavundukula katani, anasuzumira pansi pa tebulo.

“Ndani?”

“Yalemba dzina lake.”

“Werengani.”

Apa mkamwini sanawerenge mokweza. Dzina la apongozi si dzina la sopo loti ungolitchula paliponse, ndipo iye chikwatireni anali asanalitulutsepo pakamwa. Anangoloza ndi dzanja lonse, lina litagwira chigongono. Apongozi anavala magalasi, anawerama, n'kuwerenga dzina lawo lonse, kuyambira la ubatizo mpaka la agogo awo.

“Ameneyu ndani?”

“Ndinu, bambo.”

“Ine ndakhala pano.”

“Eya. Mulinso apa, kumanzereku.”

“Ndinalowamo liti?”

“Posachedwapa, dzuwa lili kumbuyo kwanu.”

Apongozi anavula magalasi, anawapukuta ndi malaya, anawavalanso. Dzina linali lidakali pomwepo, osagwedezeka.

“Mukundiuza kuti munthu ameneyu akundiletsa kulowa m'buku langa?”

“Malinga ndi zimene zalembedwa, eya.”

“Muuzeni atuluke.”

“Kuti atuluke, mutseke kumanzereku.”

“Nditseke ine? Wolakwa ndi iye, wotseka ndikhale ine?”

“Dzanja lake ndi lanuli, bambo.”

Apongozi anayang'ana dzanja lawo lamanja ngati aliona koyamba. Kenako analilowetsa m'thumba la thalauza pang'onopang'ono.

“Salipezanso.”

Mkamwini anapempha kuti ndiye atseke yekha, popeza iye dzanja lake linali panja. Apongozi anakana. Anati nkhani ya anthu akuluakulu awiri salowererapo mkamwini, ndipo anthu akadzamva kuti anachita kumugwirira mdani, nkhope yawo adzaiika kuti. Wakumanzereyo atuluke yekha ndi miyendo yake, apo ayi akhale pomwepo aone. Anafunsa ngati kabokosiko sikakunena zina.

“Kali ndi mabatani atatu. Loyamba likuti mutha kungowerenga, osakhudza chilichonse.”

“Ndikhale woonerera m'buku langa? Ndilipirenso pageti?”

“Za geti sizinalembedwe.”

“Lachiwiri?”

“Likuti tikopere lina, inu muzilemba mmenemo.”

“Tikatero tikhala angati?”

Mkamwini anawerenga ndi zala. “Atatu, bambo.”

“Nyumba ino ndi yaing'ono.”

“Ndi yaing'ono ndithu,” anavomera mkamwini ndi mtima wake wonse, ndipo aka kanali koyamba kuti awiriwa agwirizane pa chinthu chichokereni mvula.

“Lachitatu?”

“Likuti mudikire, idzakuuzani winayo akamaliza.”

“Dinani pamenepo.”

“Bambo, winayo sangamalize inu musanamalize.”

“Ndiye lero adziwa kuti wakumana ndi ndani. Ine timu yonse inandikwiyirapo n'kukhala pansi pakati pa bwalo. Ndinaima pomwepo mpaka akazi awo anabwera kudzawatenga. Dinani.”

Mkamwini anadina. Kabokosi kanachoka.

Apongozi anakokera mpando wawo kumanja kwa tebulo, anapinda dzanja limodzi pachifuwa popeza lina linali m'ndende, n'kuyang'anitsitsa theka la kumanzere. Kumanzereko kamzere kakang'ono kanali kuthwanima pambuyo pa mawu akuti Mapeto, osapita patsogolo, osabwerera. Mkamwini anayang'ana mipando yake iwiri ija ndipo inaoneka ngati ikumuseka. Anayang'ananso chingwe cha magetsi chimene chinadutsa pafupi ndi phazi lake. Kungochiponda pang'ono, nkhondo yonse ikanatha, koma palibe anamuuza kuti achiponde. Anapemphera chamumtima kuti magetsi azime okha. Magetsi amene ankazima tsiku lililonse chakudya chili pamoto, tsiku limenelo anaganiza zokhala okhulupirika.

Dzuwa linachoka pazenera. Neba anagogoda kufunsa ngati pirinta yatha ntchito, ndipo mkamwini anamuyankha kuti sinayambe. Neba anafunsa chifukwa chake, mkamwini anati apongozi akudikira apongozi, ndipo nebayo anabwerera chammbuyo osafunsanso.

“Tiyi,” anatero apongozi, maso osachotsa pa sikirini. “Makapu awiri.”

“Ine sindimwa tiyi masana, bambo.”

“Si wanu.”

Mkamwini anabweretsa makapu awiri. Ina anaiika kumanja, ina kumanzere kwa sikirini, chogwirira chitaloza kwa mwini wake. Apongozi anati mdani umalimbana naye koma sumumana madzi. Anamwa wawo. Anadikira pang'ono, ndipo ataona kuti mnzawoyo akunyada, anamwanso winayo kuti angazizire.

“Wamwa?” anafunsa.

“Kapu yake ilibe kanthu, bambo.”

“Wamwa koma osathokoza. Mwamuona?”

“Sindinamve kuthokoza.”

“Komatu ndi wolimba,” anatero apongozi patapita kanthawi, mawu awo ali ndi kaulemu. “Anthu ambiri akanagonja kalekale. Akamwini, inu munthu ameneyu mumamudziwa?”

“Ndimamudziwa.”

“Ndi munthu wotani?”

Mkamwini anakumbukira nkhope ya mkazi wake kukhitchini, anakumbukiranso kuti mkazi yemweyo anati ayankhe zimene afunsa.

“Mukunena wakumanzereyu?”

“Yemweyo. Ine ndili kumanja, musatisokoneze.”

“Ndi mlendo, bambo.”

“Wa ndani?”

“Wathu.”

“Anabwera liti?”

“Mvula isanayambe.”

Apongozi anatembenuka koyamba. “Mvula iti? Yomwe yathayi? Anati adzakhala nthawi yaitali bwanji?”

“Masiku ochepa.”

“Aa. Amagona pati?”

“Pabedi.”

“La alendo?”

“Tilibe la alendo.”

“Nanga eni ake a bedi?”

Mkamwini analoza mipando iwiri ija, kenako sofa imene inali ndi chitsulo chotuluka pakati, chimene anachiphimba ndi pilo. Apongozi anaimirira, anapita kukakhala pasofapo kuti aone okha, ndipo anadzuka msanga kuposa mmene anakhalira.

Mafunso atayamba sanaimenso, ndipo mkamwini ankayankha ngati akuwerenga mita. Inde, wakumanzereyo amadzutsa nyumba yonse ndi wezulo kusanache. Inde, amamaliza madzi otentha onse, eni nyumba n'kumasamba ozizira. Wailesi imakhala pa mpira ngakhale mpirawo ukhale wa chaka chatha. Abusa atabwera kudzacheza, anawaonetsa khadi lachikasu chifukwa chotalikitsa pemphero, ndipo abusawo sanabwerenso. Mphaka wa m'nyumbamo anasamukira kwa neba. Pa yankho lililonse apongozi ankapukusa mutu n'kuyang'ana theka la kumanzere ndi diso limene kale linkaimitsa anthu othamanga.

“Alibe kwawo munthu ameneyu?”

“Ali nako. Nyumba yaikulu, khonde kutsogolo ndi kuseri.”

“Mkazi?”

“Alipo. Amaimba foni Lamlungu lililonse.”

“Kumuitana kuti abwerere?”

“Kunena kuti asafulumire.”

Apongozi ananena kuti mayi ameneyo ayenera kuti anaona zambiri.

“Nanga inu, mwamuna wa nyumba ino, bwanji simunamuuze?”

“Sanandifunse, bambo.”

“Mwana wanga nayenso osanena?”

“Amati ndi munthu wamkulu, ndipo amamukonda.”

Apa mawu a apongozi anasintha. Anayamba kunena za mwana wawoyo ali wamng'ono, mmene ankamunyamulira paphewa popita ku bwalo, mmene ankagonera m'chikwama cha mipira iwo akuimbira. Mwana ameneyo, amene sanamulolepo kugona pansi, lero akubayidwa ndi chitsulo m'nyumba yakeyake chifukwa cha nkhalamba yosadziwa nthawi yochoka. Anatulutsa dzanja lija m'thumba n'kupukuta nalo m'maso.

Mkamwini anagwidwa chisoni chenicheni. Anachita manyazi kuti miyezi yonseyi ankawaona ngati katundu, pamene anali munthu wa mtima wofewa amene ankangofunika njira yomvera choonadi popanda kuchititsidwa manyazi. Anaganiza kuti nkhalambayi ndi yochenjera kuposa onse, yapeza khomo lotulukira ulemu wake uli m'manja. Anawakonda pa nthawi imeneyo kuposa kale lonse.

Apongozi anaimirira, anakonza kolala, anapisa m'thumba la malaya mmene makhadi awo ankakhala ngakhale pa tsiku la tchalitchi. Anayenda mpaka kumanzere kwa tebulo, analiza wezulo kamodzi, n'kukweza khadi lofiira pamaso pa sikirini, dzanja lili njo.

“Atuluke.”

“M'bukumu, bambo?”

“M'buku, m'kompyuta, m'nyumba.”

“Ndiye ndichotse pulogalamu yakale yonse?”

“Ndi mizu yomwe. Tsopano mutha kugwiritsa ntchito dzanja lanu, chifukwa si ndewunso, ndi chigamulo.”

“Ikachoka, mabatani anu aja achoka nawo.”

“Munamvapo kuti ndinabweza khadi m'thumba?”

“Sindinamvepo.”

Mkamwini anatseka theka la kumanzere mwachimwemwe, n'kuyamba kuchotsa pulogalamu yakale. Kompyuta inafunsa ngati akutsimikiza. Apongozi atamva zimenezi anafuna kudziwa ngati makinawo akufunsa iwo, ndipo anawachenjeza kuti khadi lachikasu likadalipo. Kamzere kobiriwira kanayenda pang'onopang'ono ngati wosewera wotulutsidwa amene akufuna kudya nthawi, mpaka kanafika kumapeto. Nthawi yomweyo kumanja kunatuluka kabokosi kena.

“Yati chiyani?”

“Yati winayo wamaliza. Buku ndi lanu tsopano.”

“Ndinakuuzani kuti atopa.”

Sanalekere pomwepo. Analamula kuti katundu yense wa munthuyo alongedzedwe nthawi yomweyo, pasatsale ngakhale sokosi imodzi, ndipo anaima pakhomo la chipinda kuyang'anira ntchitoyo. Mkamwini anatsitsa sutikesi pamwamba pa kabati. Analongedza jekete, matawulo, nsapato zosambira, mankhwala opaka mawondo, ndi kachimbale kaja m'mpango wake. Apongozi ankanyamula chinthu chilichonse ndi zala ziwiri n'kumadabwa kuti munthu angavale bwanji malaya otere. Anati mkazi wa munthuyo aimbiridwe foni kuti akachingamire katunduyo mawa, ndipo auzidwe kuti tchuthi chake chatha.

Mkamwini anakhalira sutikesi kuti itsekeke. Ali pomwepo anayang'ana bedi, lalikulu, lofewa, la miyendo inayi yosapatukana. Anaganiza zosintha nsalu zake mawa basi ikangonyamuka, n'kugonapo masana omwewo mopingasa. Anaganizanso za mkazi wake akamabwera madzulo, mmene amuuzire kuti anangoyankha zimene anafunsidwa ndipo zonse zayenda. Anakokera sutikesi pabalaza, anaiimika pafupi ndi chitseko, n'kufunsa mwaulemu wonse.

“Ndiye mawa ndikudzutseni nthawi yanji, bambo, kuti basi isatisiye?”

“Mudzutse ndani?”

“Inuyo, bambo.”

Apongozi, amene anali atakhala kale pa kompyuta akuyesa mabatani atsopano, anamuyang'ana pamwamba pa magalasi.

“Khadi lapatsidwa kwa uti?”

“Wakumanzere.”

“Anabwera ndi pulogalamu iti?”

“Yakale.”

“Ine ndatsala mu iti?”

“Yatsopano.”

“Yatsopanoyi inachokera kumudzi?”

“Ayi.”

“Inabwera pa basi?”

“Ayi.”

“Kwawo n'kuti?”

Bodza limodzi lokha ndi limene linkafunika, laling'ono, loti ngakhale abusa aja akanalikhululukira. Mkamwini analifunafuna m'mutu monse. Anayang'ana sutikesi, anayang'ana chitseko cha kuchipinda, anatsegula pakamwa, ndipo lilime lake linachita zimene linazolowera.

“Ndi ya muno, bambo.”

“Ndiye mukufuna kundikweza basi yopita kuti?”

Mkamwini anafunsa ndi mawu aang'ono kuti nanga bedi, popeza wolitenga uja wachoka. Apongozi anamuyamikira chifukwa chokumbukira. Anati anthu otulutsidwa ndi khadi lofiira amawadziwa bwino, amazembera n'kubwerera kudzakhala pa benchi. Choncho pabedipo agonapo iwo, kuti munthuyo akabwera alipeze lili ndi mlonda. Zovala azibwereka za mkamwini, popeza misinkhu yawo sinasiyane kwenikweni.

Panatsala chingwe chimodzi chokha, ndipo mkamwini anachigwira ndi manja awiri.

“Koma buku latha, bambo. Munanena kuti likatha mupita. Lili limodzi tsopano, pirinta ili apa, mapepala ali apa. Tingolisindikiza.”

“Buku liti?”

“Ili pa sikirinili.”

“Analemba ndani?”

“Linalembedwa mu yakale.”

“Ndiye ine ndiike dzina langa pa zolemba za munthu amene anagoneka mwana wanga pa chitsulo? Lisindikizeni ndithu, mumuikire m'sutikesi mwake.” Apongozi anakokera mpando pafupi, anathyola zala zawo ziwiri zija, n'kuziimika pamwamba pa mabatani. “Mukatha munditsegulire tsamba loyera, akamwini. Langa sindinaliyambe.”